Masamba a maungu akachita phulusa: chochita kuti musataye chibwabwa ndi maungu omwe

Mwabzala maungu kuseri kwa nyumba, ayanga bwino, mwathyolako chibwabwa (masamba ake a ndiwo, ena amati nkhwani) kangapo, ndipo maluwa ayamba kusiya tiana. Kenako m'mawa wina mukupeza masamba akale aja ali mbuu ngati wina wawazapo ufa. Pakapita masabata awiri kapena atatu masambawo achita chikasu, auma, maungu atsala pamtetete akupsa ndi dzuwa. Kuno ku Lusaka izi zimachitika m'mayadi a ku Chelstone ndi Mtendere, zimachitikanso m'madimba a ku Ngwerere ndi Chongwe, makamaka mvula ikamapita kumapeto mu Malichi ndi Epulo, komanso pa maungu othirira m'chilimwe.

Ambiri timangoti masamba achita phulusa. Pa mabotolo a mankhwala amalemba kuti powdery mildew, ndipo dzinali mulisunge chifukwa ndi lomwe mukatchule kushopu. Ndi mtundu wa chuku chomera pamwamba pa tsamba, timbewu take timauluka ndi mphepo. Sichidikira mvula ngati matenda ena a masamba. Chimakonda usana wofunda, usiku wa chinyezi, mthunzi, ndi masamba opanikizana. Kuchokera tsiku lomwe kambewu katera patsamba mpaka dontho loyera kuoneka pamapita masiku 3 mpaka 7 basi. N'chifukwa chake ambiri timagonja: timayamba kuthamanga munda utayera kale.

## Zofunika kukhala nazo

- Sizasi kapena mpeni wakuthwa
- Thumba la pulasitiki kapena saka yoikamo masamba odwala
- Chopopera: kabotolo kofinya ndi dzanja ngati maungu ndi ochepa, kapena sipureya yobereka kumsana ya malita 16 ngati ndi dimba
- Ndowa, madzi oyera, ndi kansalu kosefera
- Botolo la 500 ml loyezera ndi supuni yaing'ono ya tiyi
- Mkaka wa ng'ombe wosathira shuga
- Soda wophikira, yemwe timathira mu delele
- Sopo wamadzi wotsukira mbale
- Salufa wosungunuka m'madzi, wogula kushopu ya zaulimi
- Magolovesi, chotchinga mphuno ndi pakamwa, malaya a manja aatali

Pa chopopera pakufunika chenjezo lalikulu. Sipureya yomwe inapoperapo mankhwala opha udzu m'munda wa chimanga isayandikire maungu. Kotsalira kochepa chabe kamapiringiza masamba n'kupha nsonga. Ngati mukubwereka kwa aneba, afunseni kuti anaikamo chiyani komaliza. Akakayika, gulani kabotolo kanu.

## Kuchiza maungu omwe agwidwa kale

1. Tsimikizani kuti ndi phulusadi.

Maungu ambiri akwathu ali ndi mawanga oyera achibadwa pamasamba, otsatira mitsempha, ooneka ngati siliva. Amenewo si matenda. Ndinaonapo mayi wina atadula masamba theka la munda wake chifukwa cha mawanga oterewa, mbewu yabwinobwino.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Pukutani wangalo ndi chala. Likachoka n'kusiya ufa pachala, ndi phulusa. Likakhala pomwepo, tsamba lili losalala, ndi chibadwa cha mbewuyo, lisiyeni.

Palinso nthenda ina yomwe anthu amaisokoneza ndi iyi, yolembedwa kuti downy mildew. Imeneyo imabwera mvula ili mkati. Pamwamba pa tsamba imapanga madontho achikasu okhala ndi makona, otsekeredwa ndi mitsempha, ndipo kunsi kwake kumakhala kaubweya kotuwa kodera. Mankhwala ake ndi ena. Phulusa limakhala loyera, lozungulira poyamba, ndipo limagwira pamwamba, kunsi, ngakhale pa mapesi.

2. Tembenuzani masamba akale.

Pa zonse zomwe ndilembe pano, ichi ndiye chomwe chimapulumutsa munda. Nthendayi siyambira kunsonga komwe timathyola ndiwo. Imayambira pa masamba akuluakulu a kutsinde, omwe ali mumthunzi pakati pa ziyangoyango, ndipo nthawi zambiri kunsi kwa tsamba. Munthu woyang'ana ali chiimire sangaione.

Kuyambira pomwe maluwa ayamba, sankhani tsiku limodzi pa sabata. Gwadani, pisani dzanja pakati, tembenuzani masamba akale. Pa kadimba ka pakhomo masamba 10 akwana. Pa munda waukulu tembenuzani 50, m'malo osiyanasiyana. Mukapeza dontho limodzi lokha, laling'ono ngati ndalama yachitsulo, yambani tsiku lomwelo. Musati ndiona Loweruka likudzali.

Ine ndimachita zimenezi pothyola chibwabwa. Dzanja lina likudula nsonga, lina likutembenuza masamba a pansi. Sizitenga nthawi.

3. Dulani masamba omwe ayera kwambiri.

Tsamba lomwe layera kupitirira theka silidzabiriwiranso, kaya mupopere chiyani. Lichotseni. Chitani izi m'mawa kusanayambe mphepo. Tsegulani thumba pafupi ndi tsambalo, dulani phesi lake pafupi ndi mpesa waukulu, ikani m'thumba mosagwedeza. Mukamaliza kakwirireni m'dzenje kutali ndi dimba kapena muwotche.

Chenjezo: musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a masamba onse pa nthawi imodzi. Masamba ndiwo amadyetsa dzungu, ndiwonso amalitchingira dzuwa. Tsamba lomwe laphimba dzungu likukula, ngakhale lili ndi madontho ochepa, lisiyeni mulipopere. Ndipo musayende ndi masamba odwala m'manja kudutsa pakati pa mbewu zabwino, mukhala mukufesa nokha.

4. Sankhani chothira m'chopopera, n'kusakaniza moyenera.

Kuno ku Lusaka maungu sitilimira chipatso chokha. Masamba ndi ndiwo, ena amati chibwabwa, ena nkhwani, ndipo timathyola sabata iliyonse, ena n'kukagulitsa ku msika wa Soweto. Choncho chilichonse chomwe mwapopera patsamba chikhoza kukafika mum'phika. Pa chifukwa chimenechi ine ndimayamba ndi mkaka kapena soda, ndipo mankhwala akushopu ndimawasiyira pomwe zavuta.

*Mkaka.* Gawo limodzi la mkaka pa magawo 9 a madzi. Paketi ya 500 ml muisakanize ndi malita 4 ndi theka a madzi, mupeza malita 5. Ngati nthenda yaoneka kale pa masamba angapo, onjezani mphamvu: magawo 3 a mkaka pa magawo 7 a madzi. Mkaka ukhale wamadzi wamba. Mabisi kapena chambiko amatseka kamwa la chopopera, ndipo ufa woyeretsa tiyi uja si mkaka. Sakanizani wokwana tsiku lomwelo, wotsala umawola.

*Soda.* Supuni yaing'ono imodzi yosasefukira pa lita imodzi ya madzi, ndi madontho atatu kapena anayi a sopo wamadzi kuti agwire patsamba. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amaganiza kuti akathira masupuni atatu nthenda ifa msanga, koma chomwe chimachitika n'chakuti masamba amapsa m'mphepete. Soda wake ndi wa delele uja, wolembedwa bicarbonate of soda. Si baking powder, si chidulo, ndipo si caustic soda wopangira sopo, yemwe angakuwotcheni inu ndi mbewu yomwe. Sopo waufa wochapira zovala musathiremo.

*Salufa.* Pa zinthu zotsika mtengo, salufa ndiye wamphamvu pa nthendayi. Muyezo wake tsatirani zolembedwa pa paketi, chifukwa mphamvu zimasiyana. Koma ali ndi malamulo awiri osaphwanyika. Musapopere kukatentha kufika madigiri 30, amawotcha masamba. Mu Seputembala ndi Okutobala kuno masana amafika pamenepo kawirikawiri, ndiye dikirani madzulo kukazizira, kapena gwiritsani mkaka. Lachiwiri, musamusakanize ndi mafuta aliwonse, ngakhale a nimu, ndipo pakati pa kupopera mafuta ndi salufa pazipita masabata awiri.

Osaphatikiza zitatuzi mu ndowa imodzi. Sankhani chimodzi pa tsiku.

5. Yesani kaye pa masamba ochepa.

Poperani masamba atatu kapena anayi, dikirani masiku awiri. Akapanda kupsa, pitirizani munda wonse. Pa mkaka mukhoza kudumpha sitepe iyi, koma pa soda ndi salufa ayi.

6. Poperani kunsi ndi pamwamba.

Sefani madziwo ndi kansalu pothira m'chopopera. Kenako yambani ndi kunsi kwa masamba. Lozetsani kamwa la chopopera m'mwamba, lowetsani pansi pa masamba, dzanja lina likukweza mapesi. Mukatero bwererani pamwamba. Tsamba linyowe lonse koma lisafike pochucha.

Mkaka, soda ndi salufa zimagwira ntchito pomwe zakhudza pokha. Kunsi kwa tsamba kukatsala kouma, nthenda imapitiriza kuswana kumeneko, inu mukuganiza kuti mwapopera. Munthu wongodutsa akuwaza pamwamba ngati akuthirira maluwa wataya mkaka wake.

Poperaninso masamba abwino oyandikana nawo. Amenewo ndiwo mukuwateteza kwenikweni.

Nthawi yake imasiyana. Mkaka poperani m'mawa tsiku la dzuwa, chifukwa umagwira bwino ukaombedwa ndi dzuwa. Soda, salufa ndi mankhwala ena poperani madzulo dzuwa litapendeka. Pali chifukwa china chachikulu: maluwa a maungu amatseguka m'mamawa n'kufota pofika masana, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe njuchi zimanyamula mungu kuchoka pa duwa lachimuna kupita pa lachikazi. Njuchi zikasowa, tiana timagwa tisanakule. Kukakhala mphepo yamphamvu kapena mvula ikuoneka kuti igwa, dikirani.

7. Bwerezani, ndipo muziyang'ana masamba atsopano.

Kupopera kamodzi sikuthetsa kanthu. Mkaka ndi soda bwerezani pakapita masiku 7. Nthenda ikakhala yolimba, mkaka mukhoza kupopera kawiri pa sabata. Mvula ikagwa yatsuka zonse, poperaninso. Soda musapitirize masabata ambiri motsatizana, mchere wake umaunjikana m'dothi, ndiye muzisinthana ndi mkaka.

Musaweruze ndi masamba akale. Pomwe panali dontho loyera pamatsala chipsera chotuwa kapena chachikasu, sichichoka. Yang'anani masamba omwe atuluka mutayamba kupopera. Akamakula ali biriwiri, mukupambana. Akayamba nawonso kuchita madontho pakatha masabata awiri, pitani pa sitepe yotsatira.

Chibwabwa chopoperedwa mkaka kapena soda mukhoza kuthyola mawa lake, n'kutsuka bwino monga mwa masiku onse musanasadzule. Masamba omwe ali ndi phulusa lenilenilo musaphike, ndi okhwima kale ndipo sakoma. Dzungu lochokera pa mbewu yodwala limadyeka, kungoti likhoza kuchepa kutsekemera ndipo silisungika nthawi yaitali.

8. Zikakanika, pitani kushopu mukudziwa chomwe mukufuna.

Dulani tsamba limodzi lodwala, ikani m'pepala la pulasitiki, pitani nalo. Mukhozanso kulionetsa mlangizi wa zaulimi wa kudera lanu. Kushopu werengani nokha lebulo. Pakhale polembedwa powdery mildew, ndipo pa mndandanda wa mbewu pakhale maungu kapena abale ake monga nkhaka.

Chaka china ndinapita kushopu ndikungoti maungu anga agwidwa fangasi. Anandipatsa mankhwala a metalaxyl osakaniza ndi mancozeb, omwe alimi a tomato amawadziwa bwino. Ndinapopera kawiri, phulusa likungowonjezeka. Metalaxyl ndi wa downy mildew ndi chiwawu, pa phulusa sagwira. Kulakwa kunali kwanga ndi kwa wogulitsa yemwe, chifukwa tonse sitinayang'ane tsamba. Omwe amagwira phulusa ndi monga salufa, difenoconazole, tebuconazole ndi azoxystrobin.

Chuku chimenechi chimazolowera mankhwala msanga. Pa malebulo ambiri pamakhala nambala ya gulu la mankhwalawo: difenoconazole ndi tebuconazole ndi gulu 3, azoxystrobin ndi gulu 11. Musapopere gulu limodzi kopitirira kawiri motsatizana. Sinthanani ndi gulu lina kapena salufa.

Tsopano chofunika kwambiri kwa ife odya masamba. Lebulo iliyonse imanena masiku omwe ayenera kupita musanakolole. Masiku amenewo nthawi zambiri amawerengera chipatso, osati tsamba lomwe lalandira mankhwala mwachindunji. Ndiye mukapopera mankhwala olowa mkati mwa mbewu, monga a gulu 3 ndi gulu 11 aja, lekani kuthyola chibwabwa pa mbewu zimenezo, muzisiyire maungu. Ngati mumalima zogulitsa, gawani dimba pawiri: mbali ya ndiwo muzipopera mkaka ndi soda basi, mbali ya maungu ndiyo ilandire mankhwala. Mayi wogula mpukutu wa chibwabwa pamsika akukaphikira ana, sangadziwe zomwe munapopera dzana.

Gulani mankhwala a m'botolo lake lotsekedwa, okhala ndi lebulo, ovomerezedwa ndi ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe m'Zambia. Othiridwa m'timabotolo ta zakumwa opanda dzina asiyeni. Popopera valani magolovesi ndi chotchinga mphuno, ana akhale kutali, mukamaliza sambani ndi sopo.

## Kupewa pa kubzala kotsatira

9. Sankhani malo a dzuwa. M'makomboni ndi m'mayadi malo ndi ochepa, ndiye maungu timawakankhira kukhoma la mpanda kapena pansi pa mtengo wa mango kapena kotapeya. Pamenepo ndi pomwe phulusa limayambira chaka chilichonse, chifukwa pali mthunzi ndipo mpweya suyenda. Pezani malo omwe dzuwa limaomba maola 6 kapena kuposa. Ngati palibe, yangitsani mpesa pa thandala kapena pa waya kuti masamba akwere m'mwamba.

10. Patsani mbewu mpata. Mizere italikirane mamita 2, mapando mita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo paphando pasale mbewu ziwiri zokha. Zikamera zinayi, zulani ziwiri mudye. Pooneka ngati mwawononga malo, koma pakatha miyezi iwiri dothi silionekanso. Obzala m'chimanga, musaike maungu mzere uliwonse.

11. Musachulutse feteleza wobereketsa. Urea wambiri kapena zitosi za nkhuku zosawola zimatulutsa masamba aakulu, ofewa, othithikana, omwe chukuchi chimawakonda. Manyowa owola bwino kapena feteleza wa Compound D pang'ono pobzala n'zokwanira kuyambira. Wobereketsa thirani pang'onopang'ono. Thirirani m'mawa, patsinde. Kuwaza madzi pamasamba madzulo kumasiya chinyezi usiku wonse, ndipo kumaitananso downy mildew.

12. Zulani mbewu zakale musanabzale zatsopano. Chukuchi chimafuna tsamba lamoyo kuti chikhale. Maungu akale omwe mwakolola kale koma mwawasiya akuyanga pakona ndiwo amasunga nthenda n'kupatsira ana. N'chimodzimodzi nkhaka, mavwende, mphonda ndi butternut, onse ndi pachibale. Mukamaliza kukolola zulani, kwirirani. Ngati mumabzala motsatizana kuti chibwabwa chisathe, mbewu zatsopano zikhale kutali ndi zakale, kumbali komwe mphepo imachokera. Pogula mbewu ya m'paketi, makamaka butternut, funsani yopirira phulusa, ina imalembedwa PM kapena PMR. Posunga mbewu yanu, tengani njere ku dzungu la pa mpesa womwe unachedwa kudwala.

Ngati chaka chatha munavutika, musadikire dontho loyamba. Yambani mkaka wa gawo limodzi pa magawo 9 maluwa akangoyamba, sabata ndi sabata.

## Zomwe ambiri amalakwitsa

Kuwaza phulusa la pamoto pamasamba. Izi ndaziona kambiri. Pa nthendayi sizithandiza, ndipo zimakubisirani madontho enieni moti simudziwanso ngati ikukula kapena ayi.

Kupopera mankhwala a tizilombo. Mankhwala a nsabwe za m'masamba kapena a mbozi sapha chuku. Amangopha njuchi.

Kupopera masana dzuwa lili paliwombo, makamaka soda ndi salufa. Mawa lake masamba apsa, munthu n'kumati nthenda yakula.

Kusiya pakatha ulendo umodzi chifukwa masamba akale sanasinthe. Sasintha. Yang'anani atsopano.

Kuyeza ndi maso. Supuni yosefukira ndi yosasefukira zimasiyana pafupifupi kawiri. Sungani supuni imodzi ndi botolo limodzi kuti zikhale zoyezera basi, ndipo zomwe mwayezera mankhwala akushopu zisabwererenso kukhitchini.

Kutaya masamba odwala pa mulu wa zinyalala pambali pa dimba pomwepo, kapena kuwayala pansi ngati chophimbira dothi. Kwa masiku angapo timbewu timakhala tikadali tamoyo, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imatibwezera m'munda.

Kulimbana ndi munda womwe watha kale. Ngati masamba ambiri ayera ndipo maungu akhwima, khungu lalimba moti chikhadabo sichilowa, musawonongenso ndalama. Dulani maunguwo mutasiyako phesi lalitali ngati chala, asungeni pouma pamthunzi, ndipo mipesa izuleni lero. Omwe sanakhwime koma masamba owatchinga auma, aphimbeni ndi udzu wouma kuti asapse ndi dzuwa, muwapatse masabata awiri kapena atatu musanadule.